Kiyi wa Chitseko cha Kukhitchini

Pha, pha, pha. Katatu kokha, kenako zii. Mpaka lero munthu akawomba m'manja kumbuyo kwanga, ngakhale m'tchalitchi, mtima wanga umadumpha. Zimene ndikuuzenizi n'zoona. Ine sindikonda kuyankhula, amene anagwirapo nane ntchito angakuuzeni kuti ndimatha shifiti yonse osatsegula pakamwa, ndiye ndiname kuti ndipindule chiyani?

Zinachitika m'zaka za m'ma 2000, nditangofika kumene ku London. Ndinkasamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo akuntchito ananditumiza ku Ilford kwa bambo ena achimwenye ochokera ku Hyderabad, amene mutu unali utayamba kuwasokonekera. Akazi awo anali atamwalira, ana awo awiri, wamwamuna ndi wamkazi, ankakhala kwina.

Tsiku loyamba ndinawapeza atakhala pampando pafupi ndi chitseko. Anandiyang'ana, nawomba m'manja katatu. Tsono ine makolo anandisiya ndili wamng'ono, anandilera ndi agogo anga ku Ntcheu, ndipo agogowo ankapotokola khutu ukangoima ngati mtengo munthu wamkulu akukuwombera m'manja. Ndiye osaganiza n'komwe ndinapinda mawondo n'kuwomba nanenso. Bambo aja anagwetsa misozi. Kuyambira tsiku limenelo chakudya ankalandira cha m'manja mwanga mokha, ngakhale ankanyoza tiyi wanga kuti ndi madzi otsukira mfuti.

Mwana wawo wamkazi ndiye anandimasulira. Anati kwawo kuli linga lakale lotchedwa Golconda, lomangidwa paphiri, ndipo analimanga mwanzeru moti mlonda akawomba m'manja pachipata cha m'munsi, phokoso limakamveka pamwamba penipeni. Bambo ake ankati makolo awo anali alonda a pachipata chimenecho. Kwa zaka ziwiri akhala akuwomba m'nyumbamo popanda wowayankha, ndiye ine nditayankha anaona kuti pamwamba pakadali munthu amene ali maso.

Nkhani ya lingalo ankandiuza m'mawa uliwonse ndikamawameta ndevu. Ankati dziko la sulutani wa kumeneko linali lolemera ndi miyala ya dayamondi, ndipo mfumu yaikulu ya a Mughal, imene inali itameza kale maiko oyandikana nawo, inabwera n'kuzinga lingalo miyezi isanu ndi itatu. Anawomba mizinga, anakumba pansi pa makoma, mvula inawavumba, njala ndi matenda zinawapha, koma linga silinagwe. Akafika pamenepa ankandigwira dzanja kuti ndisiye kaye lumo, n'kundifunsa ngati ndikudziwa chimene chinaligwetsa. Anali munthu mmodzi wa m'kati momwemo, wokhulupirika pamaso pa onse, amene anatsegula kachipata kakang'ono ka kumbuyo. Sulutani anatengedwa n'kukafera m'ndende kutali, dziko lake n'kukhala chigawo cha mfumu ija.

Matenda atakula, zakale ndi zalero zinasakanikirana. Nyumba ija inasanduka linga. Makatani ankatseka masana, mabisiketi ankawerenga kuti atifikitse nyengo ya mvula, wobweretsa makalata ankati ndi kazitape. Mwana wawo wamwamuna anayamba zoti apite nawo kunyumba yosungirako okalamba, ndipo ndisamunamizire, sanali munthu woipa. Bambowo anali atagwa kawiri, tsiku lina anasiya gasi ali wotsegula. Koma iwo chimene ankaopa chinali chimodzi, kutulutsidwa m'nyumba imene akazi awo anaferamo.

Tsiku lina anamanga kiyi wa chitseko cha kukhitchini pachingwe, nandiveka m'khosi. Anati, mwanawe, chipata chachikulu ndilonda ndekha, chaching'onochi ndakupatsa iwe, undilonjeze kuti sudzatsegula. Ndinavomera. Pantchito yathu timavomera zambiri kuti wodwala akhazikike mtima, si choncho? Ndinkaona ngati ndi mawu chabe.

Anabwera Lolemba m'mawa kukugwa mvula, mwana wamwamuna uja ndi amuna awiri a galimoto yonyamula odwala. Bambo aja anali atawaonera pawindo, nakhoma chitseko cha kumaso ndi loko ndi tcheni, nakhala pamasitepe atagwira ndodo. Foni yanga inalira. Mwanayo anandichonderera kuti ndiwathandize, ndingotsegula kukhitchini mwakachetechete, apo ayi aitanitsa anthu odzathyola chitseko ndipo bambo ake aopsedwa koposa. Ndinaima m'khitchinimo kiyi ali m'manja, ndipo ndinakumbukira tsiku limene abale a bambo anga anabwera kudzasasula malata a nyumba yathu maliro atangotha, ine ndili kuseri kwa chitenje cha agogo, kungoyang'ana. Ndinkadziwa bwino mmene zimawawira. Komabe ndinatsegula.

Zimene ndinaona kenako sindidzaziiwala. Munthu amene kwa chaka chathunthu ankayenda movutikira atatsamira ndodo, anatsika masitepe ali chilili ngati msilikali. Mawu amene anatuluka sanali awo, anali mawu aakulu a munthu wa mphamvu zake, m'chiyankhulo chimene ngakhale mwana wawo anati sanachimve bwino. Ndodo inathyola galasi la pakhoma, amuna awiri athanzi analephera kuwagwira, mmodzi anatuluka magazi pamphumi. Ine ndinadziphatika kuseri kwa chitseko. Kenako anaponya ndodo pansi, nakweza maso pamwamba pa masitepe, nawomba m'manja katatu. Anadikira. Anawombanso. Ine manja anga anali atafumbata kiyi uja, ndipo sanatheke kutambasuka.

Atamva kuti palibe woyankha, mphamvu zonse zinawathera. Anapempha chipewa ndi jekete lawo, nauza mwana wawo mwaulemu ngati akuyankhula ndi mlendo kuti akonzeka, angathe kupita. Sanandione. Kumene anawapititsako sindinapiteko ngakhale kamodzi, manyazi anandigwira.

Patapita milungu isanu ndi umodzi, ndinali m'chipinda changa ku Lewisham, chapamwamba penipeni pa nyumba imene tinkakhala anthu angapo. Anali masana dzuwa likuwala, ndikusita yunifolomu. Pha, pha, pha. Phokoso linachokera pansi pa masitepe koma linamveka ngati lili m'khutu mwanga. Ndinathamangira pansi, chitseko chokhoma, pakhonde palibe munthu. Mayi wina wa ku Zambia amene tinkakhala naye anali m'khitchini, ndipo nditamufunsa anandiseka, amvekere iwe mwana wa agogo wayamba kufuntha, palibe wamene waomba apa. Ndikubwerera m'mwamba linamvekanso, katatu, pang'onopang'ono ngati munthu wotopa. Kodi mukuganiza kuti ndinayankha? Ndinatseka makutu ndi manja omwewo. Mawa lake mwana wamkazi uja anaimba foni kuti bambo ake anamwalira dzulo lake masana.

Ena amati anali maganizo chabe, ndipo sindilimbana nawo. Chimene ndimakhulupirira ine n'chakuti munthu akakudalira ndi mtima wonse, kuitana kwake kumakupeza kulikonse kumene wabisala. Mwina kutsegula kunali koyenera, bambowo akanatha kupsa m'nyumba muja. Cholakwa changa chinali kulonjeza ndikudziwa kuti sindidzasunga, ndiponso kuwasiya akuitana okha. Inu anzanga amene mumasamalira okalamba kuno, musamavomere zinthu pongofuna kuti wodwala agone. Mutu ungasokonekere, koma lonjezo amalisunga penapake pamene matenda safikapo. Ndipo ngati mwalakwira munthu, pitani mukamuone akadali moyo.

Kiyi uja ndinali nditamusiya patebulo m'nyumba muja tsiku limene anawatenga lija, ndipo mwana wamkaziyo anati bambo ake anaitanitsa kiyiyo nakhala naye pansi pa pilo mpaka tsiku lomaliza. Anandipempha kuti tikumane pamalo okwerera basi ku Ilford maliro atatha. Anati bambo ake ankafunsa za ine tsiku ndi tsiku, ankati mlonda wawo anagwidwa ndi adani pachipata chaching'ono ndipo mwina anamuvulaza, chifukwa akanakhala bwino sakanalephera kuyankha. Bambowo anati akadzapezeka wamoyo mudzamubwezere kiyi wake, ndi yekhayo amene sanandigulitse.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, koma iye anapukusa mutu, chifukwa ankadziwa kale. Anandigwira dzanja, naikamo kiyi uja ndi chingwe chake chomwe, napinda zala zanga. Basi yake inafika, anakwera osacheuka.