Galimoto ya Amalume a Yotamu

Ndikukumbukira chaka chimene amalume a Yotamu anafunsira mkazi ndi chithunzi. Kabwe anali atangosiya dzina la Broken Hill, ine ndili kamtsikana kogweluka mano, miyendo mbuu ndi fumbi la kumgodi. Mdzukulu wanga kuno ku Natuseko wachipeza chithunzicho m'sutukesi, wachiika pa foni, ndiye anthu akulimbana, ena ati galimoto ili pachithunzipo ndi ya ku Mangalande, ena ati ya ku Amereka. Awe mwandi, dzina lake ine sindilidziwa, koma ntchito yake ndikuidziwa.

Masiku amenewo mwamuna wa pamgodi akafuna mkazi kumudzi ku Malawi, ankapatsira chithunzi anthu opita kwawo. Osati nkhope yokha ayi, nkhope sadya. Umayenera kutsamira kanthu. Amalume anayamba ndi sitima. Anakwera bogi imene inangoima pasiteshoni, n'kutulutsa mutu pawindo la makatani ngati bwana. Tsoka ilo, a Gama, bambo ake a Esinati amene amalume ankamufunayo, anali atayendapo ku Joni. Yankho linabwera loti bogi ya makatani ndi ya azungu, yathu ndi ya mabenchi a matabwa ouma ngati mtima wa kapitawo, atumize china.

Loweruka lina amalume anandiveka diresi la kutchalitchi, kundidzoza mafuta mpaka ntchentche kuterereka, ulendo wa kutauni ndi wojambula wa panjinga. Kuseri kwa galaja ina anaipeza galimoto. Yakuda bii, yaitali, yowala, nyali zake ngati maso a kadzidzi, mawindo aakulu kumbuyo okhala ndi timakatani. Amalume ndi makatani, kaya anawadyetsa chiyani! Iwo anatsamira kutsogolo, mwendo pa bampala, ine n'kundikweza kumbuyo kuti ndizibayibitsa. Munkanunkhira maluwa ofota, ndipo pansi panali timawilo tondiseleretsa matako. Nditafunsa za mipando, amalume anati azungu amayenda chogona. Musawaseke kwambiri. Kukomboni kwathu maliro ankapita pa lole yomwe ija yotuta nkhuni, nanga galimoto yotere akanaionera kuti? Popatsira chithunzicho anawonjezera mawu amodzi okha: yanga.

A Gama anabwera okha, chithunzi chili m'thumba la jekete. Asanamwe n'madzi omwe anafunsa, "Mkamwini, galimoto ija ili kuti?"

"Ili kugalaja, bambo, ikukhosomola pang'ono."

Ndiye mukudziwa, mlendo sakhala pakhomo maliro ali pafupi. Anamwalira kalaliki wina wa kunjanji, wa ana ophunzira, ndipo tonse tinakhamukira kumanda, dzuwa likuswa mtengo. Nyimbo ili mkati, tinangoona chakuda chija chikubwera pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. A Gama anapisa m'thumba, n'kuchigwirira patali chithunzi monga achitira achikulire. Ayang'ane nyali, ayang'ane pepala. Ayang'ane timakatani, ayang'ane pepala. Ngakhale bampala yopindika kumanzere inali yomweyo. Bokosi linatsetsereka bwinobwino pa timawilo tanga tija.

"Mkamwini," anatero monong'ona koma mizere itatu inamva, "yachira. Koma amene mwamubwerekayu sabwera kudzathokoza."

Amayi anasuzumira chithunzicho koyamba tsiku limenelo, n'kuona mwana wawo akubayibitsa ali pamalo pa mtembo. Analira kuposa namfedwa, anthu mpaka kumafunsana ngati kalalikiyo anali ndi mkazi wachiwiri. Kunyumba anandikhula ndi mchere ndi masamba owawa, khungu langa likukumbukabe. A Gama ananyamuka m'mawa mwake osatsazika bwino, ati mwana wawo wakhala akugona ndi galimoto ya maliro pansi pa pilo, malodza otere ukwati palibe. Amalume anasiya kudya, ndevu n'kumera ngati thengo la ku Mpima.

Atakolola kumudzi, tinangomva odi pakhomo. Esinati! Yekha, kamtolo pamutu, nkhuku kukhwapa, msana utauma ndi mabenchi a matabwa. Amayi anamufunsa ngati bambo ake sanamuuze. Anati anamuuza zonse, mudzi wonse unaseka mpaka mbuzi.

"Ndiye mwadzatani, mulamu?"

"Mwamuna wosadziwa kunama chonchi sangandibisire mkazi wina."

Lero anyamata akutsamirabe magalimoto a eni, foni ili m'mwamba, milomo atasongola. Koma atsikana a masiku ano amakoka chithunzi ndi zala ziwiri, kuwerenga nambala, kufunsa anzawo, dzuwa lisanalowe munthu amukana kale. Esinati, amene anadzakhala azakhali anga, anayang'ana wotsamirayo, osati chotsamiridwa, ndipo anakhala naye mpaka onse awiri mano anatha m'kamwa, akuyenda wapansi.