Kaboni wa a Gervazio

A Gervazio anali kalaliki pa polisi ina ku Limbe, Msena wa ku Nsanje wosataya kanthu. Ine ndinali wotayipa pa tebulo loyandikana nawo, ndipo ndimawasowa mpaka lero ngakhale ankanditopetsa. Pa makalata a akuluakulu tinkaika kaboni watsopano, pepala lakuda lija, n'kumutaya pompo. Iwo ankamutola, kumuwongola ndi chikhatho, n'kumusunga m'makatoni a sopo, chaka chilichonse katoni yake.

"Adzagwira ntchito, Dailesi," ankatero. Tinkawaseka kuti tidzawaika nawo m'manda makatoniwo.

Mu 1983 kunabwera mtsikana wa ku yunivesite, Marjorie, ndi kalata yomuloleza kufufuza m'mafayilo akale mmene apolisi ankatsatira milandu yoba njinga. Sabata yoyamba ankawerengadi za njinga. Yachiwiri a Gervazio anaona kuti sakuchoka pa mafayilo a Okutobala 1971.

"Mwana wanga, mwezi umenewo njinga sizinabedwe kwenikweni. Mukufuna chiyani?"

Marjorie anayang'ana kukhomo kaye, poti masiku amenewo sunkadziwa amene akumvetsera.

"Bambo anga, a Yona, anachoka ku Mbayani kupita kuntchito osabweranso. Achibale amati anatithawa, ali ku Joni. Amayi amakana, amati anagwidwa. Koma muno mulibe dzina lawo."

Tonse tinkadziwa kuti mapepala ena ankazulidwa m'mafayilo, ndipo tinkangoti zii. Ndikuchita manyazi ponena izi.

A Gervazio anayang'ana makatoni awo aja. Masiku atatu sanapite kokadya masana. Anatsitsa katoni ya 1971 n'kumakweza kaboni mmodzimmodzi padzuwa la pawindo. Akuluakulu akanawapeza akuchita zimenezi, ntchito ikanatha, mwinanso zoposa pamenepo.

Tsiku lachinayi anaitana Marjorie. Pa pepala lakudalo zilembo zinkawala bwinobwino: dzina la a Yona, Mbayani, tsiku lomwe anasowa, ndi mawu akuti atsekeredwe. Kumene anawapititsa sikunalembedwe.

"Ndiye sanatithawe," anatero Marjorie, misozi ili mbwe.

A Gervazio anapinda pepalalo n'kuliika m'kope lake la njinga. "Kawaonetseni amayi. Izi n'zinyalala, palibe adzazifunse."

Ine ndinali nditasuzumira kale paphewa pawo. Zilembo zopendekekazo ndinazizindikira: zinali za makina anga. Ndinatayipa ndine kalatayo, n'kuiwala, n'kutaya kaboni wake.