Mwana Amene Sitinamulire

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, chaka chomwe ndinasiya sukulu nditayambana ndi aphunzitsi, pamene amayi anga anaima. Tinkakhala ku Kanakantapa, kutali ndi abale awo omwe anatsala ku Petauke. Atate ankalondera ku Lusaka, kubwera kwawo kunali kwa apo ndi apo. Mwamuna pakhomo ndinali ine, ndipo ndinkafuna aliyense adziwe.

Mimba itakula kunayamba kubwera Amake Dalitso, mayi wa kutchalitchi kwathu, wamfupi, woyenda motsimphina. Sanali nesi, sanalinso mzamba. Ntchito yawo inali kuperekeza azimayi oyembekezera: kupita nawo kusikelo, kuwasisita msana, kuwafunsira kwa manesi zomwe eni ake ankaopa kufunsa, ndi kukhala pambali pawo tsiku lobereka. Ine ndinkangowaona ngati munthu wodzatithera shuga. Ankanditchula kuti "bambo wa nyumba" uku akuseka, ine n'kumafufuma ndi mkwiyo.

Tsiku lomwe matenda anayamba ndine ndinamanga ng'ombe pachikochikale, ngolo yathu. Dzuwa linali la Okutobala, fumbi likulowa mpaka m'mano. Amake Dalitso anakhala kumbuyo, mutu wa amayi uli pamiyendo pawo, akuwapukuta thukuta ndi kundiletsa kumenya ng'ombe. Kukiliniki ndinadikira panja, ndikuganiza zoti mng'ono wangayo ndidzamuphunzitsa kusema legeni.

Mwana anabadwa atafa kale. Tinabwerera pachikochikale chomwecho, Amake Dalitso atafungatira kachitenje kokulunga. Palibe amene analira.

Kunyumba tinapeza Anti Esinati, mlongo wa atate, atafika kuchokera ku Chongwe. Iwo ndi amene anandiuza kuti mwana wotere ndi mtayo, saliridwa, sakhala ndi maliro, ndipo amakaikidwa ndi azimayi okhaokha. Anati amayi akangolira, mimba idzatsekeka osadzabalanso. Azimayi anatenga khasu n'kulowera cha kudambo. Ndinawatsatira, anti n'kundigwira mkono. Ndinakuwa kuti ndamunyamula ndine pangolo, ndiye andiletse bwanji kumuona? Ndinaponda ndowa yamadzi mpaka inaphwanyika, koma sanandilole.

Masiku otsatira amayi anasiya kulankhula. Ankagona choyang'ana kukhoma, bulauzi itanyowa ndi mkaka wopanda woyamwa. M'nyumba munkamveka fungo la mkakawo ukusasa. Odzazonda ankacheza za mitengo ya feteleza, ngati amayi angodwala malungo. Ndinayamba kuopa kuti nawonso akupita.

Amake Dalitso okha sanasiye kubwera. Ankawamanga chifuwa ndi chitenje, kuwaika masamba a kabichi kuti mabere aphwe, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala ndi supuni ngati mwana. Ine ndinawadikirira panjira tsiku lina n'kuwafunsa chomwe ankadzafunabe pakhomo pathu, popeza mwana amene ankamudikira anawakanika.

Sanakwiye. Anandiyang'ana nati, "Iwe Yobe, neo sininabwelele mwana. Ninabwelela amako, ndipo sininasilize."

Anandigwira dzanja n'kundilowetsa kuchipinda. Anti anali kudimba. Amake Dalitso anatseka chitseko, anakhala pamphasa, n'kuuza amayi kuti mnyamatayu akufuna kudziwa za m'bale wake, amuuze okha. Amayi, akuyang'anabe kukhoma, anati:

"Anali mkazi."

Anandiuza kuti manesi ankafuna kumuchotsa msanga, poganiza kuti akuwachitira chifundo, koma Amake Dalitso anawafunsa amayi ngati akufuna kumuona, ndipo atavomera anapempha kuti awapatse. Anamugwira. Anali ndi tsitsi lambiri, lonyowa, zikhadabo zonse zilipo, kamwa litatseguka pang'ono. Anali wofunda. Atafika pamenepo amayi analira. Amake Dalitso sanawaletse, anangowapatsa chitenje kuti atseke pakamwa anthu asamve panja. Nane ndinalira, nkhope nditaibisa kumsana kwa amayi.

Madzulo ake amayi anadya okha, anandifunsanso ngati ng'ombe zamwa.

Ndinawaperekeza Amake Dalitso, ndipo panjira ndinawapempha kuti andionetse pomwe anamuika mwanayo. Anakana. Ndinawanyengerera, ndinawaopseza kuti ndikumba dambo lonse. Anati zimenezo n'za azimayi, sangaziphwanye. Chomwe anakana iwo ndi choti munthu afe ndi misozi m'mimba. Ndinawakwiyira mpaka mvula inagwa, udzu n'kuphimba paliponse.

Amake Dalitso anamwalira ndisanawafunsenso. Amayi sanabalenso, ndipo anti mpaka lero amati pali wina analira. Sindiwayankha, ngakhale mtima wanga ndi uja wosachedwa kupsa.

Ndinkaganiza kuti woperekeza ntchito yake ndi kubweretsa mwana kunyumba, ndipo akabwera chimanjamanja walephera. Tsopano ndikudziwa kuti tonsefe, ine, atate ndi anti, maso athu anali pa mwana, ndipo atasowa tinasowa chochita ndi mayi wake. Munthu mmodzi yekha ndi amene anabwerera amayi. Manda a mlongo wanga sindiwadziwa, ndipo sindidzawadziwa. Koma ndikafunsidwa kuti tinabadwa angati, ndimati awiri.