A Tembo, Mfuti Yatsopano ndi Thanki ya Eni

Loweruka lapitali ndinachita manyazi pafamu ya eni, kumpoto kwa tauni ya Oshawa kuno kwa azungu, chifukwa cha bambo wamkulu wandevu zake.

Famuyo ndi ya mayi Margaret, mzungu wamasiye. Malemu amuna awo ndinawasamalira zaka ziwiri kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito, ndipo chichokereni pamaliro amandiitana kukamwa tiyi ngati mwana wawo. Mwezi watha anandidandaulira za tinyama tina tonga mbira timene kuno amati gulaundihogi. Timakumba mauna m'munda wa udzu, ndipo ng'ombe yawo imodzi inathyoka mwendo italowetsa phazi m'dzenje.

Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Ndili naye munthu."

Munthuyo ndi a Tembo, injiniya wa ku Chipata amene timapemphera naye. Chigulireni mfuti yawo ya tizipolopolo ting'onoting'ono, sitipuma. Pachinkhoswe, mfuti. Pamaliro, mfuti. "Achimwene," amatero, "ine pa mamita firii handiredi ndimasankha diso lakumanja kapena lakumanzere."

Tinafika dzuwa litakwera. Akuluwa anatsitsa katundu ngati akusamuka: chikwama cha mfuti, mphasa yogonera, timiyendo toimikira mfuti, magalasi oonera kutali, ndi kabuku kodzaza manambala. Chovala chawo chinali chamawangamawanga ngati msilikali, pomwe mdani wawo ndi kanyama kodya udzu.

Mayi Margaret anangopempha ziwiri. Choyamba, a Tembo asendere pafupi ndi tinyamato. Chachiwiri, asawombe cholunjika pamwamba pa kachitunda, chifukwa kuseri kwake n'komwe kumamwera ng'ombe.

A Tembo anamwetulira, n'kundinong'oneza m'Chinyanja chawo: "Kusendera n'kwa ana a legeni, mwamva? Mfuti iyi ndinaizirowa ndekha, ndinaichuna kuti isamaphonye."

Anagona chafufumimba kutali kwambiri, moti kanyama kamene kankadya m'mundamo kankaoneka ngati nyemba. Mphepo inali ikuweramitsa udzu wonse mbali imodzi. Ngakhale ine wosadziwa mfuti ndinaona kuti kachipolopolo kopepuka ngati njere ya chimanga sikangayende mtunda wonsewo osakankhidwa.

Phaa! Fumbi linabuka mapazi angapo kumanzere. Kanyamako kanadzutsa mutu, kanayang'ana uku ndi uku, n'kupitiriza kudya.

"Zipolopolo za masiku ano," anatero a Tembo.

Kachiwiri linali vuto la galasi la pamfuti. Kachitatu ndinali ine, akuti ndinatsokomola. Kachinayi kanyamako kanatopa nafe, kanakwera pakachitunda paja n'kuima ndi miyendo iwiri, kumbuyo kwake kuli thambo lokhalokha.

"A Tembo, paja anatiletsa uko," ndinatero.

"Khalani chete, achimwene, mukundidisitaba."

Anawomba. Kanyama kanalowa kuuna kali bwinobwino. Kuseri kwa chitunda kunamveka ng'ombe zikuthamanga.

Titazungulira, tinapeza thanki yaikulu ya pulasitiki ikutulutsa madzi pakabowo kokwana chala. Mayi Margaret anafika akupuma mwabefu. Sanakalipe. Anaika chala pabowopo, kenako anachichotsa n'kuloza pachifuwa pawo. Bowolo linali pamlingo womwewo.

"Ndimaima pompano m'mawa uliwonse potsegula mpopi," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine: "Iwe uzibwerabe kudzamwa tiyi. Koma uzibwera wekha."

Ndikanakonda akananditukwana.

Tsono abale anga, ndikufunseni: matenda amenewa tinawatenga kuti? Tikangofika kuno n'kupeza ntchito ya tayi, timaganiza kuti luso amagulitsa m'sitolo limodzi ndi chipangizo. Wina ali ndi kamera yoti atolankhani angasirire, koma zithunzi za ubatizo wa mwana wake anthu onse alibe mitu. Wina anagula ndodo za gofu zodzaza buti ya galimoto, bwalo lake sanalipondepo. Zimenezo timangoseka, poti kamera siipha munthu. Mfuti ndi nkhani ina.

Musandimve molakwa. Kulasa kanthu kakang'ono uli kutali ndi luso lenileni, ndipo alipo amene analiphunzira. Anthu otero amathera Loweruka lililonse akuboola mapepala kumalo ophunzirira kuwomba, mpaka adziwe mmene chipolopolo chawo chimagwera mtunda ukamatalika. Amawerenga mphepo pa udzu. Koposa zonse, amayamba afunsa kuti, "Ndikaphonya, chipolopolochi chikaima pati?" Yankho likasowa, amachotsa chala. A Tembo anaphunzira mayina a zipangizo zonse, koma funso limenelo analidumpha. Paja ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Mukuganiza kuti anachita manyazi? Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinawapeza pakhomo atazunguliridwa ndi azibambo, manja ali m'mwamba.

"Mamita foo handiredi, mphepo ili chonchi, koma ndinalasa pakatikati penipeni!"

Apo sananame. Chinthu anachilasadi. Anangoiwala kutchula kuti chinali chachikulu ngati galimoto, chosayenda, ndiponso chodzaza madzi a ng'ombe.

Azibambo aja anagwedeza mitu mogoma. Mmodzi, dokotala wa mano wa ku Oakville, anati mlamu wake amadziwana ndi mlimi wina kufupi ndi Hamilton yemwe akuvutikanso ndi tinyama tomweti, ndipo analemba nambala ya foni ya a Tembo kuseri kwa pepala la nyimbo.

Nanga ine, mboni yoona ndi maso? Ndinaima pomwepo ndi kapu ya tiyi m'manja, ndikuyang'ana nsapato zanga. Ndinadziuza kuti munthu wamkulu sayalutsidwa pagulu, kuti kuno ndife ochepa, tisadane chifukwa cha thanki. Ulemu wathu uja, wogwadira bodza bola lavala jekete.

Lero ndi Lachinayi, ndipo dokotala uja sindinamuimbirebe foni yomuchenjeza. Ndiuzeni inu: Loweruka likudzali, kuseri kwa chitunda cha ku Hamilton kukakhala munthu, wolakwa adzakhala a Tembo okha?