Makalata a mzungu wa ng'ala

Boma litasamuka ku Zomba, anatinyamula ngati matumba a chimanga, ife otaipa makalata m'maofesi pamodzi ndi makina athu. Lilongwe wake anali fumbi lokhalokha, ndipo ndinadana naye tsiku loyamba lomwe. Ndinapeza kachipinda kuseri kwa msika waukulu. Loweruka lililonse ndinkapita ku Area 11 kukawerengera makalata mkulu wina wa ku Italy, mmisiri womanga nyumba amene maso awo anachita ng'ala.

Anakhalitsa kuno, moti Chichewa ankachilankhula bwino. Chimene ankadikira chinali chimodzi basi: yankho la mwana wawo wamkazi, amene anamusiya kwawo ali wakhanda. Anali atamulembera kupempha kuti akafere pakhomo pake.

Ine Chitaliyana sindinkamva ngakhale liwu limodzi, ndinkangotchula zimene ndikuona papepala. Makalata ambiri anali a mlongo wawo. Ndikamawerenga, iwo ankagogoda patebulo ndi chala, kundidulira mawu m'zigawo ndi kundisonyeza pogunda mwamphamvu. Ife timakoka mawu chakumapeto, ndiye ine ndinkakoka onse chimodzimodzi.

"Ayi, mayi! TA-vo-la. Gundani poyambirira. Mukundipweteka m'makutu."

Ndinkapsa mtima. Nkhalamba yosaona n'komwe, koma yovuta chonchi! Komabe kuntchito ndinkayeseza chapansipansi, mpaka anzanga ankandiseka kuti ndagwidwa mizimu.

Kalata ya mwana uja inafika m'dzinja, tsamba limodzi losadzaza. Ndinaiwerenga mosamala kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo sanandidule ngakhale kamodzi. Kupusa kwanga, ndinasangalala.

"Lero ndakhoza, eti bambo?"

Analozetsa nkhope kuwindo.

"Mwakhoza. Akuti iye alibe bambo. Akuti ndisadzalembenso."

Ndinachita manyazi. Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwangamu, ine ndikumwetulira.

"Werenganinso, mayi. Pang'onopang'ono. Mwina ndaphonya pena."

Ndinalakalaka kuwanamiza, kuika penapake kamawu kamodzi kachifundo, kaya moni chabe. Koma unganame bwanji m'chiyankhulo chimene suchidziwa? Ndikanapotoza dala, akanandigwira pomwepo, poti anandiphunzitsa okha. Ndinayambiranso pamwamba, chigawo ndi chigawo, iwo atatchera khutu kufunafuna chimene munalibe. Ndinawerenga bwino kuposa poyamba.