Anaseka pondiuza kuti amayi atisiya

Moni nonse, ana anga. Lero mvula imasokosera pamalata a chipatala kuno ku Ndola, maminibasi akuliza mahutala panja. A dokotala ophunzitsa anandipempha ndiyerekeze kukhala bambo amene mkazi wake wangomwalira, kuti ophunzira awo azolowere kunena uthenga wotere.

Wophunzira wina analowa nati, "Bambo, amayi atisiya," kenako anaphulika nako kuseka. Anzakenso anaseka, amvekere ndi sewero chabe.

Sewero? Mawu omwewo ndi amene ndinauzidwa tsiku limene amayi anu anapita. Mawa anthu amenewa adzaima pamaso pa wamasiye weniweni!

A dokotala anawakalipira, onse anapepesa mitu ili pansi. A dokotalawo akufuna ndidzapitenso Lachinayi. Inu mukuti bwanji, ndipite? Kukhululuka kokha ndawakhululukira.