Tizilombo ta Azakhali

Azakhali anga akalambira pa chikolopa. Ntchito yawo ndi yokolopa mawodi kuchipatala, ndipo mdani wawo ndi mmodzi: tizilombo. Kunyumba amatsuka ndi sopo yemwe. Nditabwerako kunja kumene ndinkaphunzira ndinafikira kwa iwo, ndipo zinandinyansa kuona kuti m'kamwa mwawo amakwechamo ngati simenti, ndi mswachi wouma gwa, kenako kuchukucha mankhwala aukali aja obiriwira mpaka misozi. Akalavula, magazi. Dzino lakutsogolo linali litayamba kugwedera.

Dzino limenelo ankalikonda. Ndi mayi oseka mokweza, mutu chagada, wodi yonse kumva.

Ndinawakokera kwa dokotala wa mano ngati mbuzi yokana msika. Anawapala zouma zimene zinamatirira m'mphepete mwa nkhama, nawauza kuti agule mswachi wofewa, mankhwala aukaliwo ayambe awasiya. Anatinso mapiritsi ovumata otchedwa mapulobayotiki mwina angathandizeko nkhama kuchira, ngakhale paokha sachiza. Ndinagula tsiku lomwelo.

"Muli chiyani m'menemu?" anafunsa Azakhali tili kukhitchini, akununkhiza botolo.

"Tizilombo tabwino. Tamoyo. Timalimbana ndi toipa tija."

Anaika botolo pansi pang'onopang'ono.

"Iwe Mtchona, ndege yonse ija unakwerera kukanditengera tizilombo?"

"Tabwino, Azakhali."

"Tabwino! Tili ndi yunifolomu? Ndikatizindikira bwanji? Kuwodi ndaona anthu akutuluka atafunditsidwa kumutu chifukwa cha tizilombo, ndiye iwe ukuti ndiziweta m'kamwa ngati nkhuku?"

Chinenero chathuchi chinandipsetsa mtima tsiku limenelo. Mawu amodzi omwewo a kolera, a chifuwa chachikulu, a nsikidzi, ndiwo ndinayenera kugulitsira mankhwala! Ndinalongosola mpaka kukhosi kuuma. Mapeto ake anati, "Chabwino bambo, ndalama zanu zisapite pachabe," n'kuponya limodzi m'kamwa.

M'mawa uliwonse ankavumata piritsi ine ndikuona, kenako n'kulowa kubafa. Ndinkadzitama kuti ndagonjetsa chikolopa. Koma magazi sanasiye, ndipo tsiku lina chitseko cha bafa chinali chosatseka bwino. Ndinawaona akulavula piritsi, kutulutsa botolo lobiriwira kuseri kwa ndowa, kuchukucha, kenako mswachi wouma uja kwe kwe kwe pankhama.

"Azakhali! Mukutani?"

"Ndikuperekeza alendo ako. Acheza mokwanira."

Ndinakalipa, ndipo sindinong'oneza bondo. Ndinawauza kuti m'kamwa si m'chimbudzi cha kuwodi, kuti akukwecha mnofu wawo womwe, kuti zaka zonsezi kuchipatalako anangowapatsa ndowa ndi mantha, popanda ndi mmodzi yemwe wovala choyera wowakhazika pansi n'kuwauza kuti munthu wamoyo amayenda ndi tizilombo take. Iwo anangopukuta pakamwa.

"Wamaliza? Kapena upitiriza m'Chingerezi?"

Dzino linachoka akuluma buledi, ali ndi yunifolomu kale. Analiyang'ana pachikhatho nthawi yaitali. Dokotala anati mapiritsi okha sakanalipulumutsa, koma kukwecha kuja ndiko kunalifulumizitsa, ndipo oyandikana nalo akhoza kutsala ngati amvera.

Mswachi wofewa anauvomera. Mapiritsi ayi, mpaka lero. Akaseka tsopano amaphimba pakamwa ndi dzanja, ndipo ine ndikaona dzanjalo ndimatuluka panja.